Mafunso ndi mayankho: gulu lathu lojambula zithunzi ku Zomba

Anthu akatipeza titakhala pansi pa mtengo, aliyense thabwa pamiyendo, maso ali kuphiri, mafunso sachedwa. Ena amayesa ndife a boma oyeza malo, ena amati mwina ndi mpingo watsopano. Mafunso amene timafunsidwa kawirikawiri tawaika pano pamodzi ndi mayankho ake.

Kodi ndinu ndani, ndipo mumachita chiyani kwenikweni?

Ndife anthu wamba a mumzinda muno ndi madera oyandikana nawo. Ena timachokera ku Matawale, ena ku Chinamwali, Sadzi, Chikanda ndi Mpondabwino, ndipo alipo okwera minibasi kuchokera ku Domasi ndi ku Thondwe. Tonse timakonda kujambula ndi manja, kaya ndi pensulo, makala kapena penti. Pakati pathu pali aphunzitsi, atelala, anamwino, ophunzira a ku Chanco, agogo amene anapuma pantchito m'boma, komanso achimwene ena amene ntchito yawo ndi kulemba zikwangwani za magolosale ndi mabutchala. Kupatula iwowo, palibe amene amadyera burashi.

Gululi si sukulu. Sitilembetsa mayeso ndipo satifiketi tilibe. Amene akufuna digiri ya zaluso, Yunivesite ya Malawi ili pompano ku Chirunga. Ife timangokumana, n'kukhala pansi, n'kujambula chimene chili patsogolo pathu, kenako n'kuonetsana.

Sindinajambulepo chichokereni kupulayimale. Kodi ndingabwere?

Bwerani. Ambiri mwa ife tinayamba choncho, ndipo mawu akuti "ine ndilibe luso" tawamva kwa pafupifupi aliyense amene anafika koyamba. Vuto la woyamba kumene silikhala m'dzanja. Dzanja lomwe limatha kulemba dzina, kusoka batani kapena kusenda mbatata lingathe kukoka mzere. Vuto limakhala loti munthu amajambula chimene akuchidziwa m'mutu m'malo mwa chimene akuchiona.

Tipereke chitsanzo cha phiri lathuli. Mukamuuza munthu wobadwira ku Zomba kuti ajambule phiri, amajambula chinthu chosongoka cha ngodya zitatu, dzuwa likusuzumira kumbuyo kwake. Koma phiri la Zomba silosongoka. Ndi lotambalala, pamwamba pake m'poyalana, m'mbali mwake muli matanthwe oima chilili ndi zigwa zimene mitsinje inakumba. Munthuyo wakhala akuliona tsiku ndi tsiku, koma sanakhalepo pansi n'kuliyang'anitsitsa. Ntchito yathu yaikulu ndi imeneyo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Loweruka loyamba mudzatha nthawi yambiri mukuyang'ana kuposa kukoka mizere.

Timayambitsa ndi zinthu zosathawa: kapu, tomato atatu, nsapato yakale. Timakuonetsani kuyeza ndi pensulo mutatambasula mkono, diso limodzi mutatsinzina, kuti mudziwe ngati kapuyo ndi yaitali kuposa mulifupi mwake. Timakuonetsaninso kufinya maso pang'ono kuti tizinthu ting'onoting'ono tisowe, kutsale pamene pali mdima ndi pamene pali kuwala. Zithunzi zanu zoyamba sizidzakhala zokongola. Musazitaye, lembani deti kuseri, mudzazione pakatha miyezi itatu.

Mumakumana liti, ndipo kuti?

Loweruka m'mawa, kuyambira 8 koloko mpaka dzuwa litafika pamutu. Poti anzathu ena amapembedza Loweruka, kamodzi pamwezi timakumana Lamulungu masana. Malo amasinthasintha, ndipo timauzana pa WhatsApp pofika Lachinayi.

Nyengo ndiyo imatilamula. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala timakhala panja. M'dzinja timabisala pakhonde kapena m'kalasi yomwe tabwereka, n'kumajambula zipatso, ziwiya ndi nkhope za anzathu. Miyezi ya Meyi ndi Juni ndiyo yabwino kwa wofuna kujambula zakutali, chifukwa mvula imakhala itatsuka mlengalenga ndipo moto wa m'tchire usanayambe. Pofika Seputembala ndi Okutobala utsi ndi fumbi zimaphimba chigwa chonse, moti phiri la Mulanje limasowa. Koma miyezi yomweyo ndi imene majakaranda amachita maluwa m'misewu yakale, choncho sitidandaula.

Tsiku lojambula limayenda bwanji?

Tikafika timalonjerana bwinobwino, osati mothamanga. Kenako timatenthetsa manja: mmodzi amaima pakati, ena tonse n'kumujambula kwa mphindi ziwiri, iye n'kusintha kaimidwe, ife n'kuyambanso. Pa mphindi ziwiri simungajambule maso ndi mabatani a malaya. Mumangogwira mmene msana wapindikira ndi mwendo umene wanyamula thupi. Ambiri amadana nazo poyamba, koma ndi zimene zimamasula dzanja.

Zikatero aliyense amasankha pokhala ndi chojambula chake, ndipo kwa maola awiri kapena atatu kumakhala zii, kupatula opempha labala. Amene anazolowera amayendera atsopano. Pomaliza timayala zithunzi zonse pansi, kuzipsinja ndi timiyala kuopa mphepo, n'kuzizungulira tikudya chinangwa kapena zitumbuwa.

Ndi malo ati amene mumakonda kupitako?

Apa Zomba inatikondera. Malo amene timabwererako kawirikawiri ndi ku Botanical Gardens, munda umene unayambitsidwa mu 1891 ndi Alexander Whyte. Muli mthunzi, muli mitengo ikuluikulu ndi nsungwi, ndipo mtsinje wa Mulunguzi umadutsa momwemo pamiyala. Woyamba kumene amaphunzira zambiri pa tsinde limodzi lokha: mbali yowala, mbali yamdima, ndi mmene mizu imalowera pansi. Madzi oyenda ndiwo amasautsa aliyense. Malangizo athu ndi oti muyambe ndi miyala ndi mithunzi yake, madziwo adzaoneka okha pa mipata yoyera imene mwasiya.

Kumtunda komweko kuli nyumba zakale za boma, za nthawi imene Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Aphungu anapitiriza kukumana kuno mpaka 1994. Kuli nyumba ya Masongola, yomangidwa mu 1886, ndi nsanja zake ziwiri. Nyumba zoterezi, za njerwa zofiira ndi makonde aatali, ndi mphunzitsi wabwino wa mmene zinthu zimacheperachepera zikamatalikira. Mukaima kumapeto kwa khonde, mizati yakutali imaoneka yaifupi ndi yothinana, ndipo mzere wa denga ndi mzere wa pansi zimaoneka zikukakumana pamalo amodzi, molingana ndi maso anu. Mukamvetsa zimenezi pa khonde limodzi, mwamvetsa msewu uliwonse.

Kumsika waukulu timapitako tili ochepa, awiriawiri, ndi timabuku tating'ono. Kumeneko palibe chimene chimaima. Mayi amene mwayamba kuwajambula akuwerama, pomwe mukudzutsa mutu mupeza akupereka chenji. Koma milu ya tomato, mpunga wa m'madambo a Chilwa, matemba ouma ndi malichero ndi zinthu zimene simungazipeze m'buku lophunzitsa kujambula lochokera kunja.

Kuphiri timakwerako kawiri kapena katatu pachaka, chifukwa pamafunika kusonkha ya galimoto. Phirili limapitirira mamita 2,000 pamalo ake okwera kwambiri, ndiye ngakhale kutauni kukutentha, tengani juzi. Damu la Mulunguzi ndi losavuta kufikako ndipo madzi ake odekha amaphunzitsa kujambula chithunzithunzi cha mitengo m'madzi. Ku Williams Falls n'kokongola koma n'konyowa, mapepala amafewa. Ku Emperor's View, komwe kunafika Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, ndi ku Queen's View chapafupi pomwepo, mumaona chigwa chonse, Nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje. Tinene mosabisa: zithunzi zambiri zochokera pamalo awiriwa sizituluka bwino. Munthu amatengeka, amafuna kuika zonse papepala limodzi, mudzi uliwonse ndi msewu uliwonse. Chinsinsi chake n'chakuti chakutali chimatuwa n'kukhala chabuluu pang'ono chifukwa cha mpweya ndi fumbi zimene zili pakati pa inu ndi icho. Mulanje apakidwe mopepuka, thanthwe limene mwakhalapolo ndilo lilandire utoto wamphamvu. Ku Chingwe's Hole, mbali ya kumadzulo yoyang'ana chigwa cha Shire, sitipita popanda wotiperekeza wodziwa njira.

Kamodzi pachaka, misewu ikauma, timapita ku Kachulu m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa. Kumeneko zonse n'zogona: madzi, mabango, mabwato opalasidwa ndi nsungwi zazitali, chilumba cha Chisi chapatali, ndi thambo lalikulu. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi ndipo ndi yosaya, choncho gombe lake limasuntha chaka ndi chaka. Inauma mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Zithunzi za anzathu za zaka zosiyanasiyana zikaikidwa pamodzi zimaonetsa kusunthaku, ngakhale palibe amene anali ndi cholinga chimenecho pojambula.

Kodi pali malo kapena anthu amene simuyenera kujambula?

Alipo. Zomba ndi mzinda wa asilikali, apolisi ndi ndende, komanso kuli nyumba ya boma. Malo otetezedwa oterewa sitiwajambula, ngakhale ndi pensulo. Nsanja yokumbukira asilikali a King's African Rifles ndi yokopa kwambiri, koma ili pafupi ndi Cobbe Barracks, ndiye musanatulutse buku lanu yambani mwafunsa amene ali pamenepo. Safunsa anadya phula.

Pa anthu, lamulo lathu ndi limodzi: pemphani. Kumsika muyambe ndi moni, mugule kanthu, kenako munene kuti, "Mayi, ndimaphunzira kujambula, kodi mungandilole ndijambule malonda anuwa?" Ambiri amalola, ena amaseka, ena amakana, ndipo akakana nkhani yathera pomwepo. Mukamaliza aonetseni. Mwana wa munthu sajambulidwa popanda kholo lake kudziwa. Kumanda, kudambwe ndi kumalo a zinamwali sitipitako. Kumudzi timayamba taonekera kwa amfumu.

Ndibwere ndi chiyani tsiku loyamba?

Pensulo ya HB, ina yofewa ya 2B kapena 4B ngati mwaipeza, labala, lezala kapena chosongolera, ndi mapepala. Mapepala a fotokope ndi okwanira, ngakhale olembedwa mbali imodzi. Kabweretseninso kathabwa kapena katoni yolimba yotsamizirapo, mapegi awiri oyanikira zovala ogwirira pepala, chitenje kapena thumba lokhalira, madzi akumwa ndi chipewa. Musagule penti musanabwere. Mudzayamba mwayesa ya anzanu.

Penti yabwino kuyamba nayo ndi iti?

Pankhaniyi timatsutsana mpaka lero, ndiye tingokuuzani makhalidwe a iliyonse.

Penti ya madzi, ya timabokosi ija, ndi yotsika mtengo komanso yosavuta kunyamula. Anthu amaiyesa ya ana, koma ndi yovuta kuposa zonse. Siphimba chimene chili pansi pake, ndiye mumayamba ndi mitundu yowala n'kumapita ku yakuda, ndipo kuyera kwa chithunzi ndi pepala lenilenilo limene mwalisiya osapaka. Ili ngati mchere m'ndiwo: kuwonjezera n'kotheka, kuchotsa ayi. Imafunanso pepala lochindikala, la 300 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala) ngati lingapezeke, chifukwa lopyapyala limakwinyika likanyowa. M'nyengo ya chiperoni, nkhungu ikatsika kuphiri, pepala limachedwa kuuma, ndipo wosaleza mtima amapaka pamwamba ponyowa, mitundu n'kusanduka matope.

Akiriliki imasungunulidwa ndi madzi koma ikauma siisukika. Imaphimba, choncho mukalakwitsa mumadikira iume n'kupakanso. N'chifukwa chake ambiri timalangiza woyamba kumene kuti ayambe nayo. Vuto lake ndi liwiro: mu Okutobala imauma pa mbale musanamalize kusakaniza, ndipo burashi mukaiiwala kunja kwa madzi, yatha ntchito. Ikani kansalu konyowa pansi pa pepala losakanizirapo, ndipo finyani pang'onopang'ono.

Penti ya mafuta imatenga masiku kuti iume, zomwe zimapereka mpata wosalaza mitundu, makamaka pankhope. Koma ndi yodula, imafuna mankhwala otsukira amene fungo lake limapweteketsa mutu m'chipinda chotseka, ndipo kukwera nayo minibasi isanaume ndi kufuna mlandu ndi malaya a anthu.

Mulimonsemo, simufunika mitundu makumi awiri. Yofiira, yachikasu, yabuluu ndi yoyera, kuwonjezapo yabulauni imodzi, zikwanira. Mtundu umene umatipusitsa kwambiri kuno ndi wobiriwira, popeza Zomba yonse ndi yobiriwira. Wa m'chubu umakuwa kwambiri. Sakanizani wanu kuchokera ku buluu ndi chikasu, n'kudonthezamo kofiira pang'ono kuti uzizire. Mukayang'anitsitsa mudzaona kuti kubiriwira kwa paini, kwa nthochi ndi kwa chimanga chanthete ndi mitundu itatu yosiyana.

Zipangizo zimenezi n'zodula ndipo zina sizipezeka ku Zomba. Mumatani?

N'zoona. Mapepala abwino ndi penti ya m'machubu nthawi zambiri timatuma amene akupita ku Blantyre, ndipo timagula pamodzi n'kugawana. Koma zambiri timapanga tokha, ndipo mbali imeneyi ndi imene ena mwa ife timaikonda kuposa kujambula kumene.

Nsalu yojambulapo timapanga ndi kaliko wokhuthala. Kalipentala amatikhomera fulemu, ife n'kukoka nsaluyo mwamphamvu, kuikhoma kuseri, n'kuipaka penti yoyera ya PVA ya m'nyumba kawiri kapena katatu. Ya akiriliki imagwira bwino pamenepo. Zidutswa za hadibodi zotsala kwa akalipentala nazonso ndi zabwino.

Makala ojambulira si a pambaula, amenewo ndi olimba ndipo amakanda pepala. Timadula timitengo towongoka tonenepa ngati pensulo, ta mabulosi kapena nsungwi, kutisenda, kutiumitsa, n'kutithina m'chitini chotseka chimene taboola kabowo kamodzi pachivundikiro. Chitinicho timachiika pamoto mpaka utsi utasiya kutuluka pakabowo, ndipo sititsegula chisanazizire. Timitengoti timadula pakhomo, osati m'nkhalango ya boma. Phirili lametedwa kale mokwanira, ndipo ife amene timalijambula chaka ndi chaka timaona mmene malo opanda mitengo akukulira.

Utoto wa dothi ndiwo wotikomera kwambiri. Amayi akumudzi amene amazira ndi kukongoletsa makoma a nyumba amadziwa kale kumene kuli dothi lofiira, lachikasu, loyera ndi lakuda, ndipo ndi iwo amene timawafunsa. Dothilo timaliumitsa, kulisinja, kulisefa, kenako kulivundula m'ndowa ya madzi. Mchenga umatsika msanga. Madzi amatope apamwambawo timawatsanulira m'chidebe china n'kuwasiya usiku wonse, ndipo m'mawa pansi pamakhala phala losalala. Limenelo tikaliumitsa ndiye utoto. Kuti ugwire papepala timausakaniza ndi guluu woyera wa akalipentala wosungunula ndi madzi, kapena ndi mbali yachikasu ya dzira, imene ndi njira yakalekale. Kufiira ndi chikasu cha dothi zimachokera ku chitsulo chimene chili m'dothimo, ndipo dothi lachikasu mukaliwotcha limafiira, monga zimachitikira njerwa mu uvuni. Choncho chidutswa cha njerwa yowotcha chikasinjidwa chimapereka kufiira kwina, ndipo mwaye wa kukhitchini umapereka kuda.

Wina asaganize kuti utoto wotere ndi wa amphawi kapena wosakhalitsa. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, zofiira zimene amati anajambula Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Utoto wa dothi suwauka ndi dzuwa, pomwe penti zina zotsika mtengo za m'sitolo zimafwifwa pakangopita zaka zochepa. Chimene dothi silingakupatseni ndi buluu. Ameneyo mugula ndithu.

Bwanji simulola kukopera zithunzi za pafoni?

Sitiletsa, kunyumba kwanu chitani. Koma pa Loweruka foni ikhale m'thumba. Kamera imakhala itakuchitirani kale ntchito yovuta: yasankha malire, yaphwatalitsa zonse, yadetsa mithunzi. Inu mumangosamutsa. Mukhoza kufika pokopera nkhope ya woimba wotchuka mpaka anthu kuombera m'manja, koma n'kulephera kujambula mpando umene uli patsogolo panu.

Palinso kukopera kwa mtundu wina kumene timalimbana nako kwambiri. Aliyense amachidziwa chithunzi chija: mayi wamtali wowonda atasenza mtsuko, mlambe pambali, dzuwa lofiira likulowa, bwato lili pamadzi. Amene amagulitsa zoterezi kwa alendo sitiwanyoza, akudyetsa mabanja ndipo manja awo ndi achangu kuposa athu. Koma ife amene sitikuthamangira kasitomala tilibe chifukwa chobwerezera chithunzi chimenecho. Mayi amene timakumana nawo pamjigo ku Sadzi amasenza chidebe cha pulasitiki chachikasu, avala juzi ya timu ya mpira, ndipo foni ili m'chitenje. Anyamata amatsika kuphiri ndi njinga zolemedwa ndi nkhuni. Akabaza amadikira pasiteji. Ogulitsa sitiroberi ndi mabulosi amathamangira galimoto pamsewu wa ku Ku Chawe. Zimenezi zikapanda kujambulidwa ndi ife okhala kuno, adzajambula ndani?

Ndimaopa kusekedwa. Kodi mumadzudzulana?

Timauzana zoona, koma mwaulemu. Mwini chithunzi ndiye amayamba kulankhula, kunena chimene amafuna kuchita ndi pamene pamuvuta. Ena timayankha pa chimenecho. Mawu akuti "chakongola" okha sitiwalola, chifukwa sathandiza munthu. Nenani chimene chakongola: mthunzi wa pansi pa denga, kapena mmene mutu wapendekera. Chimodzimodzi "chalakwika" payekha saloledwa. Ndiponso palibe amene amagwira chithunzi cha mnzake ndi pensulo. Wofuna kuonetsa kanthu aonetse papepala lina.

Chovuta kwa ife Amalawi ndi msinkhu. Mtsikana wa ku koleji zimamuvuta kuuza bambo a zaka za agogo ake kuti mkono autalikitsa. Ndiye amazungulira: "Bambo, kodi mkonowu mukauyeza ndi mutu ukukwana kangati?" Bambowo amayeza okha, n'kuseka okha.

Kodi ana angabwere?

Inde, ngati abwera ndi kholo kapena wowayang'anira amene akhale nawo mpaka pomaliza. Ku damu, ku mathithi ndi kunyanja sititenga ana aang'ono. Pempho lathu kwa makolo: musawakonzere zithunzi, ndipo musawafunse kuti "chimenechi n'chiyani?" Afunseni akufotokozereni.

Pali cholipira?

Kubwera koyamba ndi kwaulere. Mukaganiza zokhazikika, pali kandalama ka pamwezi kamene timagwirizana tonse pamsonkhano, kogulira mapepala, guluu ndi penti ya onse. Msungichuma amawerenga mmene zayendera pamaso pa gulu. Ulendo wa kuphiri kapena ku Kachulu timasonkha padera, ndipo malo ena ali ndi ndalama yolowera. Ophunzira ndi amene zawavuta mwezi umenewo sitiwabweza. Amathandiza kusinja dothi ndi kutsuka maburashi.

Kodi mumachita chionetsero? Nanga ndingagulitse zithunzi zanga?

Kamodzi pachaka, mvula isanayambe, timabwereka holo kapena khonde lalikulu n'kupachika ntchito zathu. Aliyense amene wakhala akubwera amaikapo chithunzi chimodzi kapena ziwiri, woyamba kumene ndi wakale mofanana. Mphotho palibe. Timaitana achibale, anzathu akuntchito, ndi anthu amene tinawajambula. Palibe chosangalatsa kuposa kuona mayi wa kumsika akudzizindikira pakhoma n'kuyamba kuitana anzawo.

Kugulitsa ndi nkhani ya inu ndi wogula, gulu silitengapo kanthu. Powerengera mtengo musaiwale nsalu, fulemu, penti ndi masiku amene mwagwira. Achibale adzakuuzani kuti "ungondijambula, si umangosewera," ndipo mudzaona nokha poyankha. Wina akakutumani kuti mumujambule nkhope, gwirizanani kukula kwake, mtengo ndi tsiku musanayambe, ndipo alipireko theka. Sainani chithunzi chilichonse ndi kulemba chaka.

Dziwaninso kuti amene wagula chithunzi chimene munajambula mwa kufuna kwanu wagula chithunzicho, osati ufulu wochisindikiza pa makalendala kapena malaya n'kumagulitsa. Zimenezo zimafuna mgwirizano wapadera, wolembedwa. Dziko lino lili ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo bungwe loona zimenezi ndi COSOMA. Lamulo lomwelo limatetezanso ena kwa inu: kukopera chithunzi cha mnzanu, kapena chimene wina anatola ndi kamera, n'kuchigulitsa ngati chanu, ndi kuba.

Zithunzi zanga zimachita nkhungu ndi kudyedwa. Ndizisunge bwanji?

Zomba ndi yachinyezi, makamaka kufupi ndi phiri. Musatsamize zithunzi kukhoma lakunja kapena kuziika pansi pa simenti. Za papepala zigone chogona m'katoni, pakati pake muike mapepala oyera, ndipo katoniyo ikhale pamwamba. Musazitsekere m'pulasitiki zisanaumitsitse. Dzuwa likawala m'dzinja zitulutseni zipitidwe mphepo pamthunzi. Mphemvu zimakonda utoto wosakaniza ndi dzira, ndipo chiswe chimakonda fulemu, ndiye muziyang'ana kuseri. Za makala ndi pensulo yofewa zimafufutika zikakhudzana. Mankhwala opopera tsitsi, mukapopera chapatali mopepuka, amathandiza, ngakhale pakapita zaka angachititse pepala chikasu. Poika m'galasi, chithunzi chisagunde galasilo.

Nanga anyani kuphiri?

Sasamala za zithunzi, amafuna chakudya chanu. Nthochi ndi buledi zikhale m'chikwama chotseka, chikwamacho chikhale pamiyendo, ndipo musawapatse kanthu. Madzi otsukira maburashi musawatayire mumtsinje kapena m'damu, popeza mzinda wonse umamwa madzi amenewo. Tengani botolo lobwerera nawo.

Ndikufuna kuyamba Loweruka likubwerali. Ndichite chiyani?

Funsani aliyense wa ife amene mukumudziwa akuuzeni kumene tikukumana sabata ino, kapena mukatiwona penapake tili pansi ndi matabwa athu, tipatseni moni. Fikani isanakwane 8 koloko kuti musaphonye zotenthetsa manja. Valani zovala zimene simungadandaule zitadontheredwa penti, chifukwa akiriliki ikauma pansalu sichoka. Ngati tili ku Matawale kapena ku Chinamwali kukajambula phiri, kulawirira n'kofunika kwambiri: m'mawa dzuwa limaliwomba kuchokera kumbuyo kwanu ndipo matanthwe ndi zigwa zonse zimaoneka, pomwe madzulo limapita kuseri, phiri lonse n'kusanduka mdima umodzi. Kukagwa mvula usiku wa Lachisanu, yang'anani uthenga m'mamawa, chifukwa malo akhoza kusintha.